Majini a mu Mpunga wa Nadzimbiri

Dziko la Mezamate musalifune pa mapu a ana asukulu, mulibemo, ndipo mukakumana ndi munthu wonena kuti akudziwa njira yake musamutsate. Koma dzikolo lidaliko, ndi mfumu yake yomwe, Mfumu Sindilakwa, imene inkakhala ku likulu lotchedwa Ombanimmanja. Kumunsi kwa likululo kudali dambo lalikulu la mpunga, Dambo la Lidalibwino, ndipo m'mphepete mwa dambolo munkakhala mayi wina wamasiye, Nadzimbiri, munthu woopa zinthu monga momwe munthu wofuna kukalamba ayenera kuopera. Ankaopa mphenzi, agalu osauwa, ndiponso anthu ofika pagalimoto akumwetulira.

Mavuto adayamba ndi ngalande. Chaka china mfumu idalota anthu ake akukolola mpunga kawiri pachaka, ndipo kutacha idalamula kuti akumbe ngalande yochokera ku chitsime cha Madziowawa kukafika kudambo. Akuluakulu ankadziwa chifukwa chake makolo adachipatsa dzina limenelo chitsimecho, pakuti ngakhale mbuzi zinkangonunkhiza n'kubwerera. Koma ku Mezamate munthu akadziwa chinthu amachisunga m'mimba. Adakumba, adavina, mfumu idadula kansalu ndi sizasi, madzi adalowa.

Sipadapite zaka zambiri, nthaka idayamba kutuwa ngati miyendo ya mwana wosadzola. Dzuwa likawomba, pamwamba ponse pankayera mbuu. Mpunga unkamera, kupsa nsonga, n'kufa usanabereke. Nduna ya Zolengeza, a Tamverani, bambo a mimba yotsogola ndi mawu osalala, adaima pa msika wa Nong'onani n'kulengeza kuti zoyerazo ndi shuga, mphatso ya mfumu kwa anthu ake. Anthu adawomba m'manja, adapita kukanyambita, adabwerako nkhope zitakwinyika. M'mawa mwake kudatuluka lamulo loletsa kunyambita dothi la mfumu. Nasibeko, wogulitsa tomato pamsikapo, adangoti shuga wa boma ndi wabwino zedi, amakomera mu nyemba.

M'dambo lonselo kadatsala kachigawo kamodzi kobiriwira, ka Nadzimbiri. Mpunga wake sudali wonyaditsa. Udali waufupi, wofiirira, wosanunkhira, wa mtundu umene mayi ake ankautcha kamakani, ndipo kale anzake ankamuseka nawo. Sunkabereka kwambiri, koma sunkafa. Zokolola za chaka chimenecho adali atadya, ndipo mbewu yonse ya kamakani yotsala pa dziko lapansi idali mu mtsuko umodzi womata ndi dothi, pakona pa chipinda chake. Mitambo idali itayamba kusonkhana. Mtsuko umenewo ukadatayika, Nadzimbiri sakadakhala ndi chofesa chimene chikadamera m'munda mwake, ndipo mayi wamasiye wopanda munda wobereka sachedwa kusanduka mlendo m'makomo mwa anthu.

Tsono munthu ukakhala ndi chinthu chobiriwira pakati pa zouma, uchitchinge ndi mpanda wautali. Nadzimbiri sadatchinge. N'chifukwa chake miyezi ingapo m'mbuyomo, mpunga udakali m'munda, kudafika galimoto, ndipo mudatuluka mayi wachitsikana wovala nsapato za mphira, akumwetulira. Adati dzina lake ndi Dokotala Mwandida, koma si dokotala wa anthu, ndi wa mbewu, wochokera ku nyumba ya kafukufuku ya ku likulu. Adafunsa kumene mpungawo udachokera. Nadzimbiri adayamba wanena kuti sakudziwa, kenaka adati si wake, kenaka adati ndi wake koma adangoupeza. Dokotala adaseka, adapempha mwaulemu, adadula timasamba n'kutiika m'timabotolo, timabotoloto n'kutigoneka m'bokosi lozizira ngati mitembo ya anthu olemera. Adapita.

Adabweranso mvula ili pafupi, ndipo posamupeza Nadzimbiri kunyumba adamulondola kumsika. Adamupeza atakhala pambali pa Nasibeko akusankha tomato wophwanyika. Mwana wasukulu sadziwa kuti nkhani yabwino amanenera kuseri kwa nyumba. Adangofika n'kumugwira manja onse awiri, anthu akumva.

"Mayi, tawapeza. Mpunga wanu uli ndi majini."

 Wogulitsa usipa adasiya kuthamangitsa ntchentche. Nasibeko adakoka lichero lake la tomato pang'onopang'ono, kulitalikitsa kwa mnzake.

Akuti kusukulu mawu amenewa ali ndi tanthauzo lina, loti ndi tinthu ta chibadwa timene mwana amatengera kwa makolo. Mwina n'zoona. Koma ku Nong'onani, monganso kwina kulikonse kumene anthu adaleredwa bwino, majini ndi mizimu ija imalowa mwa munthu n'kumamulankhulitsa mawu a mwini wake. Dokotala ataona nkhope za anthu adayesa kufotokoza, ndipo apa m'pamene adaonongeratu. Adati majiniwo ndi ang'onoang'ono, saoneka ndi maso. Adati amakhala m'kati mwenimweni, ndipo ndiwo amalamula chinthu kuti chichite zakutizakuti. Adati amachoka kwa mayi kupita kwa mwana, mibadwo ndi mibadwo, ndipo kuwatulutsa si ntchito yamasewera. Tsono ndiuzeni inu, pamenepa pali liwu limodzi losiyana ndi zomwe tonse tikudziwa za majini?

Adapitiriza. Adati a mu kamakani ndi apadera, chifukwa amaima kumizu ngati alonda, mchere ukafuna kukwera kumasamba amaubweza, wina wolowa mozemba amautsekera m'tizipinda. Adati iye ndi anzake akufuna kukwatitsa kamakani ndi mpunga wobereka kwambiri, kuti ana obadwawo atenge majiniwo, dambo lonse lidzabiriwirenso. Zimenezo zitenga nyengo zingapo, ndipo pafunika mbewu yamoyo.

"Ndiye majiniwo akwatiranso," adatero Nasibeko, osayang'ana munthu. "Ife tizingosonkha nkhuni za ukwati."

Dokotala adati, "Musaope, mayi. Tonsefe tili nawo. Inunso muli nawo."

"Ine ndimapita kutchalitchi, achemwali."

Nadzimbiri adabwerera kunyumba. Mpunga umenewo adaudya kuyambira ali mwana. Adakumbuka kuti malemu amuna ake ankadandaula kuti iye amalankhula kutulo, ndiponso kuti nkhuku zake sizimukonda. Adautulutsa mtsuko n'kuuika pakhonde, kenaka adaganiza za akuba ndi mbuzi, n'kuulowetsanso. Adaganiza za majini, n'kuutulutsanso. Pomaliza adauika pakati pa khomo, theka m'nyumba theka panja, ndipo podutsa ankawerama pang'ono n'kunena kuti zikomo. Kuutaya sakadatha. Munthu ukhoza kuopa chinthu n'kumachifunabe, monga timachitira ndi moto.

Nkhani ya pamsika siyenda ndi miyendo. Dzuwa lisanapendeke idali itafika ku Ombanimmanja, ndipo mfumu idaitanitsa nduna zonse. Apa ndiyenera kukuuzani chinthu chimene aliyense ankachidziwa koma osachitchula. Mfumu Sindilakwa idali ndi nthenda ya kuthamanga kwa magazi, ndipo madokotala a anthu adali atailetsa mchere zaka zambiri zapitazo. Inkadya nyama yopanda mchere, nsomba yopanda mchere, nyemba zozizira ngati madzi a m'mphika. Malamulo onse oipa a m'dzikomo ankatuluka mfumu ikangomaliza kudya.

Pabwalo nduna zidakangana kwambiri. Nduna ya Chitetezo idafuna kudziwa kuti majiniwo adalowa m'dziko podzera pachipata chiti, ndipo idapempha asilikali ndi zingwe kuti akamangidwe. Nduna ya Zaulimi idati majiniwo akhala akugwira ntchito pansi pa unduna wake kuyambira kale, kungoti idaiwala kunena. Nduna ya Miyambo idati alendo otere sangakhale m'dziko osabwera kudzagwada. Mfumu inkangoyang'ana mbale ya nyama imene idaisiya theka.

"Mwati majiniwo amapirira chiyani?" idafunsa.

Adaiuza kuti mchere. Mfumu idameza mate mpaka nduna zakumbuyo zidamva.

Asilikali adapita kukatenga mtsuko. Palibe amene adafuna kuukhudza, choncho adaumangirira pa mtengo wautali, awiri kutsogolo awiri kumbuyo, akuyimba nyimbo ya kumaliro. Nadzimbiri ankawatsata akuwapempha kuti asaugwedeze. Dokotala naye adaitanidwa.

Ku nyumba ya mfumu munthu wamba salankhula ndi mfumu mwachindunji. Amalankhula kwa a Tamverani, a Tamverani n'kuwatsuka mawuwo, n'kuwapereka. Mfumu idafunsa ngati munthu atadya mpungawo majini angalowe mwa iye, nayenso n'kuyamba kupirira mchere. Dokotala adati ayi, sizitheka, majini a mbewu salowa mwa munthu podzera m'mimba, ndipo munthu wa magazi othamanga akadya mchere akhoza kugwa.

"Akuti inde, Wamkulukulu," adatero a Tamverani, "koma akuti muyambe mwakhala pansi."

Dokotala adakweza mawu. Adati mbewu imeneyi ndi yokhayo, ikaphikidwa ndiye kuti kamakani watha, dambo lathera pomwepo.

"Akuti muuphike wonse, usatsale."

Nadzimbiri adagwada mpaka chipumi kugunda pansi, n'kupempha kuti amusiyireko dzanja limodzi lokha loti akafese. A Tamverani adati mayiwa akuthokoza ndipo akuti mtsukonso mutenge. Mfumu idakondwa ndi ulemu wa anthu ake. Idalamula kuti majini onse a m'dziko ndi a mfumu, ndipo m'mawa mwake anthu onse asonkhane pabwalo adzaone mfumu yawo ikudya mchere.

Kudabwera anthu osaneneka, msika wonse wa Nong'onani udatsekedwa. Mfumu idakhala pampando wake, kumbuyo kwake kutaima nkhalamba yoigwirira ambulera, a Gwedeza, amene adagwira ambulera imeneyo kuyambira mfumu ili mnyamata. Kudzanja lamanja kudakhala akazi atatu a mfumu pamkeka, kumanzere nduna. Pakati pa bwalo madzi ankawira mu mphika waukulu, pambali pake mbale ya mchere woyera bwino. Ophika a kunyumba ya mfumu adali atathawa onse atamva chimene akaphike, choncho adati aphike mwini wake, poti majiniwo amudziwa.

Nadzimbiri adaima pamenepo mtsuko uli kumapazi ake, chomata chake atachiswa kale. Adayang'ana mbewu ya mayi ake, adayang'ana madzi owira. Nzeru yopulumukira adalibe. A Tamverani adamuuza kuti afulumire, athire mchere m'madzimo kenaka mpunga. Iye adatambasula dzanja, ndipo pomwepo mantha ena, akale kuposa a majini, adamugwira pamkono. Adagwada.

"Pepani, bambo. Mpunga ndithira. Koma mchere wa mwamuna wa eni ake, eni ake ali pompa, ine sindingathire. Ndidalangizidwa."

Ana a masiku ano zimenezi amaziseka, koma mverani. Mchere si chinthu choseweretsa. Chakudya cha bambo amathira mchere ndi mkazi wake, ndipo mkaziyo akhale woti sadapondeko njira yam'mbali. Akakhala kuti adazembako ndi mwamuna wina, mchere wakewo umamudula bamboyo. Masaya amatupa, miyendo imatupa, chifuwa chimagwira, munthu n'kumapita anthu akuona. Umenewo ndiwo mdulo, ndipo ku Mezamate ngakhale wakuba ankauopa.

A Tamverani adatsegula pakamwa kuti awatsuke mawuwo, koma bwalo lonse lidali litamva, ndipo amayi ankagwedeza mitu kuvomereza. Mfumu nayo idamva, n'kumwetulira. Idati mayiyu waleredwa bwino. Idati padutsa zaka zambiri akazi ake asakuithirira mchere, lero ndi tsiku lawo. Idakodola wamng'ono, uja inkamukonda kwambiri.

Mkazi wamng'ono sadadzuke. Adati pepani, adadzicheka ndi mpeni m'mawa, mchere ungamulume pabala. Adaonetsa dzanja limene adali atangolikulunga kumene ndi nsonga ya chitenje. A Tamverani, amene mawu sankawathera, adayamba kupukuta thukuta m'khosi ngakhale adali pamthunzi.

Mfumu idati palibe kanthu, n'kukodola wachiwiri. Wachiwiriyo adati kumpingo kwawo ali pa kusala, ndipo sabata imeneyo saloledwa kukhudza mchere, ngakhale kuuyang'ana. Adatembenukira kumbali kuti asauyang'ane. Nduna ya Chitetezo idawerama n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato zake, kuzimanga, kuzimasulanso.

Apa m'pamene anthu adayamba kuzindikira chimene madokotala adachita poiletsa mfumu mchere. Adaichepetsera nthenda, inde, komanso adamasula nyumba yonse, poti mkazi wosathira mchere saopa mdulo. 

Adatsala Mayi Wamkulu, mkazi woyamba, wa imvi mutu wonse, woyenda ndi ndodo, amene adalangiza theka la atsikana a ku likulu. Atagwira ndodo yake n'kudzuka, bwalo lonse lidapuma. Nadzimbiri yekha ndiye adafooka, poona kuti mbewu yake yapita. Mayi Wamkulu adayenda pang'onopang'ono mpaka pamphika. Adatapa mchere wodzaza dzanja, n'kulitambasula pamwamba pa madzi. Adayang'ana mwamuna wake nthawi yaitali, ndi chisoni chenicheni, chifukwa munthu amene wakhala naye zaka zonsezo sungafune kumuona akutupa. Kenaka maso ake adakwera pang'ono, kupitirira mutu wa mfumu. Adabweza mchere uja m'mbale, n'kusasa m'manja.

"Dzanja langa ndi lolemera, bambo. Ndingakuwawitsireni."

Kudalibe mphepo tsiku limenelo, koma ambulera ya mfumu idayamba kunjenjemera, mphonje zake zikuvina. Nasibeko, ali pakati pa anthu, adanong'oneza mnzake kuti a Gwedeza akalamba ndithu, koma si kale kwambiri.

Dokotala, mwana wosadziwa kanthu, adafunsa ngati angathire iyeyo kuti nkhani ithe. Amayi awiri adamukokera pansi ndi malaya. Wina kumbuyo adati paja zikatere amaitana kamwana kosadziwa kanthu kuti kathire, koma adamutseka pakamwa, pakuti kuitana mwana pamaso pa anthu onsewo kukadakhala kulengeza chimene aliyense ankayesetsa kusachidziwa.

Mfumu Sindilakwa inkalakwitsa ngalande, nyengo ndi maloto, koma kuwerenga mpaka katatu inkatha. Idayang'ana mkeka wa akazi ake. Idayang'ana nduna zake, zonse zili ndi ntchito ndi nsapato. Kumbuyo sidayang'ane, ngakhale mthunzi wa ambulera unkagwedezeka pamaondo pake. Idayang'ana mbale ya mchere kanthawi, ngati munthu wotsanzikana ndi m'bale wake pa depoti. Kenaka idaimirira, n'kulankhula yokha, osadzera mwa munthu.

Idati zonsezi kudali kuyesa mitima ya anthu, ndipo anthu apambana. Idati mfumu yokonda dziko lake singadye mchere pamene minda ya anthu ake ikulira ndi mchere womwewo, ndipo akazi ake, pokhala anzeru, adazindikira zimenezi msanga, aliyense payekha. Idati majini ndi anthu a mfumu ngati wina aliyense, sangamakhale kunyumba ya mfumu kudya zaulere, abwerere kudambo akagwire ntchito yachitukuko. Idalamulanso kuti kuyambira tsiku limenelo zoyera za m'dambo zija ndi mchere, ndipo amene adanena kuti ndi shuga afufuzidwe. A Tamverani adawomba m'manja koyamba, mwamphamvu kuposa onse.

Mfumu ikasintha maganizo mokukomera, usadikire kuti ilotenso. Nadzimbiri sadatsanzike. Adavundikira mtsuko ndi mpango wake, adausenza pamutu, n'kudutsa pakati pa khamu. Anthu ankapatuka okha, njira idatseguka yotakata ngati ya galimoto la mfumu. Dokotala adamupeza pachipata akupuma wefuwefu, n'kupempha mbewu pang'ono ya ukwati uja. Nadzimbiri adamutapira manja awiri m'thumba la malaya, n'kumulangiza kuti akafuna kukhala ndi moyo wautali, mawu aja asadzawatchulenso pamsika, ndipo akaona akuluakulu ali chete nayenso azikhala chete.

Mvula idagwa sabata yomweyo. Nadzimbiri adalowa m'munda mwake, m'matope otuwa aja, mtsuko uli m'chiuno, n'kuyamba kufesa. Dzanja lililonse ankayamba wapepesa, kuwauza eni ake a m'mbewumo kuti malo ndi omwewa, mchere ndi womwewu, apirire monga akhala akupiririra, ndipo iye sadzawavutitsa ndi mafunso.

Atafika pakati pa munda adamva munthu akutsokomola kumbuyo. Adali Nasibeko, ataima patali ndithu pa mzere wa malire, atafunda chitenje kumutu kuti anthu asamuzindikire. Adayamba ndi kufunsa za m'mawa, za mvula, za miyendo. Adati ankangodutsa. Adati iye nkhani zimenezi sagwirizana nazo, ndipo abusa asamve. Kenaka adatulutsa kapu pansi pa chitenje, adaiika pansi, n'kuikankhira kutsogolo ndi chala cha kuphazi.

"Mutigawireko pang'ono, anzathu. Koma musankhe ofatsa, kunyumba kuli ana."